Sabata Imene Ndinaphunzira Kukama

Amuna anga ali ndi akazi awiri, ine ndi ng'ombe. Ine ndine wamkulu, wa ukwati wa kutchalitchi, amene ndinawaberekera ana. Ng'ombeyo inabwera mochedwa, iwo atapuma pantchito ya pafamu ya mkaka kumene anakalambira, koma inangofika n'kulanda malo. Madzi oyamba kutentha m'mawa ndi ake, otsukira mawere. Moni woyamba ndi wake. Ine ndimalandira moni wotsala, abambo akamabwerako kukhola ndi ndowa m'manja. Ndimaitcha mainini, monga timatchulira mkazi wamng'ono kuno kwathu, ndipo iwo akamva amangoseka, satsutsa n'komwe.

Timakhala kufupi ndi Palabana, pamalo amene makolo a amuna anga anasiya. Ana onse anapita. Tatsala awiriwiri, ndi nkhuku, kadimba ka repu kuseri kwa nyumba, ndi ng'ombe imodziyo, yamawanga akuda ndi oyera, yodzimva koopsa. Nthawi imene ndikukambayi inali ndi khalidwe limodzi loipa: sinkalola kukamidwa ndi munthu wina aliyense. Mchimwene wanga anayesapo, anabwerera kwawo akutsimphina. Ine ndinali ndisanayesepo. Ndinkati ntchito zanga n'zokwanira, sindingawonjezepo yotumikira mkazi mnzanga.

Khalidwe limeneli abambo ankalikonda kuposa mkaka womwe, chifukwa ndi pamene ankabisala. Mwana wathu wamkazi, amene amagwira ntchito ya boma ku Lusaka, anakhala akuwachonderera kwa zaka kuti apite akawapime chifuwa, pakuti chisanu chikangofika amayamba kutsokomola. Yankho linali limodzi: nanga ng'ombe akama ndani? Ndi yankho lomwelo anathawa maukwati, anathawa misonkhano ya mpingo yogonera komweko, anathawa ngakhale kukagona m'nyumba yatsopano ya mwanayo. Ndipo ndisaname, yankholo nanenso ndinkalikonda. Chiyambire ukalamba wathu tinali tisanagonepo nyumba zosiyana. Komanso ndinaona amuna a anzanga akukwera galimoto ndi miyendo yawo kupita kuchipatala cha mumzinda, n'kubwerako m'bokosi. Ndinkaopa kuti anga akangopita, sindidzawaonanso.

Chaka chimenecho chisanu cha Julaye chinabwera ndi ukali. Masamba a nthochi anapsa, madzi a mumgolo ankaluma zala, ngakhale atambala ankalira ngati achita kukakamizidwa. Lolemba m'mawa ndinali pakhonde kukoleza mbaula pamene ndinamva chifuwa chawo kukhola. Sichinali chija cha masiku onse chongoyeretsa kukhosi. Chinkachokera pansi penipeni, chikayamba osafuna kuleka, mpaka mkaka unasiya kulira m'ndowa. Ndinaima ndi katoni yokupizira moto m'manja, kudikira kuti uyambenso kulira. Unayamba ndithu, koma patapita nthawi. Kukiliniki ya kwathu kuno anali atawapatsa kale mapiritsi, n'kuwauza kuti akapanda kusintha apite mumzinda akajambulitse chifuwa. Mapiritsiwo anamwa onse. Mawu enawo anawasiya pakhomo pa kiliniki pomwepo.

Madzulo a tsikulo tinakhala pamphasa kutong'ola chimanga, ntchito yathu ya nyengo imeneyi, yosafuna miyendo. Mwana anaimba foni. Tisanamalize n'komwe kupatsana moni, chifuwa chinawagwira abambo.

"Ba Mami, ni ndani akhosomola so?" anafunsa mwanayo.

"Ni wailesi," ndinatero.

"Wailesi ikhosomola monga ba Dadi? Bayamba liti?"

Ndinayamba kuzungulira, kukamba za mphepo ndi fumbi la chimanga. Sanandilole kumaliza.

"Pa Sondo nibwera na motoka. Nikabapeza bakali so, nibatenga. Bazankhala kuno mpaka mphepo isile."

Abambo, amene makutu awo amafa ndikamawatuma, anamva zonse. Anafuula ali pamphasa pomwepo: "Mufunse ng'ombe azakama ndani!"

Lusaka si kutali, munthu akhoza kupita m'mawa n'kubwerako madzulo. Koma tonse tinkadziwa kuti akangolowa pachipata cha chipatala awagoneka, ndipo akatuluka mwanayo sawabweza mpaka kutafunda. Mawu ake tsiku limenelo sanali opempha ngati kale. Tsono ndinapanga nzeru zanga. Chimene chinkawapweteka abambo, mmene ndinkaonera ine, chinali mphepo ya m'mbandakucha. Ndikawatsekera m'nyumba mpaka dzuwa litakwera, ndikawamwetsa zotentha, pofika Lamulungu chifuwa chikhala chitagona, mwana adzadya nkhuku n'kubwerera yekha. Madzulo akhoza kumakama okha, kunja kukakhala kofunda. Koma m'mawa ndizikama ine.

Nditawauza anaseka mpaka chifuwa chinawagwiranso.

"Imwe? Izakuchayani, amai."

"Yanichaya kale zaka zonse izi, kunilanda mwamuna. Chasala n'chani?"

Lachiwiri ndinadzuka kusanache bwino, ndinatenthetsa madzi, ndinatenga kansalu, chingwe ndi kampando kawo. Zonse ndinkazidziwa ndi maso, pakuti ndinaziona kambirimbiri ndikusesa pabwalo. Ndinathira gaga m'chodyeramo, ndinamanga miyendo yakumbuyo, ndinatsuka mawere ndi madzi ofunda. Ng'ombeyo inatembenuza mutu n'kundiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kumapazi. Gaga sinamukhudze. Mawere anali odzaza, olimba gwa, koma ndikafinya ankangotuluka timadontho. Inali itabisa mkaka, monga zimachitira ng'ombe zikaipidwa. Ndinafinya mwamphamvu. Sindinaone mmene chingwe chinamasukira. Ndinangomva ndowa ikulira kumtanda wa khola, ine ndili chagada m'ndowe, juzi yanga yonse itaipa.

"Iwe!" ndinaikalipira. "Gaga wamene ukana uyu nimapeta ndine!"

Inangotulutsa mpweya m'mphuno n'kuyang'ana kumbali.

Ng'ombe ya mkaka siidikira munthu. Ikapanda kukamidwa mawere amatupa, amatentha, mkaka umayamba kutuluka ndi magazi, ndipo ukhoza kutaya ng'ombe yomwe. Choncho abambo anatuluka atadzifunda bulangete, n'kukhala pakampando kaja mumphepo yomwe ndinkawabisayo. Mainini anayamba kudya nthawi yomweyo, mkaka n'kumalira m'ndowa ngati palibe chachitika. Ine ndinaima kunja kwa khola ndikununkha ndowe, manyazi ndi mkwiyo zitandikwana.

Masana ake ndinalipsira mkwiyowo pa chifuwa. Ndinawiritsa masamba a bulugama, n'kuwafunditsa abambo bulangete pamwamba pa mphikawo kuti apume nthunzi. Ankafuula ali m'katimo kuti ndikuwaphika amoyo, ine n'kumagwira bulangetelo m'mbali kuti asathawe. Atatuluka ndinawapatsa tiyi wa mandimu, jinja ndi uchi, ndi mbatata zootcha zimene amazikonda, kenako ndinawasisita msana ndi mafuta otentha. Msana umenewo ndinaudziwa uli wotakata, wonyamula matumba a chakudya cha ng'ombe awiriawiri. Tsopano zala zanga zinkagwa m'mipata ya nthiti.

Masiku a chisanu ife timakhala ngati abuluzi. M'mawa timatsamira khoma la kum'mawa, dzuwa likasuntha nafe timanyamula timipando kupita nalo, mpaka madzulo tapezeka kuseri kwa nyumba, pafupi ndi dimba. Iwo amakonza chinachake chimene sichinawonongeke, ine ndimaswa mtedza. Timakangana za nkhuku imene yaleka kuikira, za amene anaiwala kutseka mgolo, za chaka chimene kunagwa chisanu choposa ichi. Nthawi zina timangokhala chete, ndipo palibe amene amafunsa mnzake chimene akuganiza. Anzanga ambiri a msinkhu wanga amaothera dzuwa okhaokha. Ine ndili ndi wokangana naye, ndipo ndimathokoza Mulungu pa chimenecho, ngakhale sindiwauza eni ake kuopa kuti angadzimve.

Lachitatu ndinati ndiyese kunyengerera. Ndinawonjezera gaga, ndinaikamo makoko a nthochi ndi kamchere, ndinaimangira chingwe kawiri, ndinaiimbira ngakhale nyimbo ya kukwaya. Inadya zonse bwinobwino, n'kunyambita chodyeramo, koma mkaka inabisabe. Abambo anali atatsegula zenera la kuchipinda n'kumalamula ali pabedi.

"Osadonsa, amai! Finyani kuchoka pamwamba, chala chimodzi chimodzi!"

"Valani windo, mphepo ingena!"

"Sendezani mutu pamimba pake, iziwe kuti simuyopa!"

"Koma niyopa!"

Zala zinandipweteka mpaka m'zigongono, ndipo zonse zimene ndinapeza sizikanadzaza kapu. Anatulukanso ndi bulangete lawo. Tsiku limenelo anakama mopumirapumira, mutu atautsamiritsa pa ng'ombe, ndipo pobwerera ndowa ndinanyamula ine, iwo osakana. Zimenezo zinandiopsa kuposa chifuwa, chifukwa ndowa ya mkaka sankalola kuti munthu aigwire. Madzulo ndikuthirira repu ndinalira ndekha, madzi a m'kheni akuthira malo amodzi mpaka panachita chithaphwi. Ndinaona kuti nzeru zanga zikulephera, masiku akutha, ndipo mwana akubwera kudzanditengera mwamuna.

Lachinayi kunazizira kuposa masiku onse. Udzu wa kumunsi kwa dimba unayera mbuu. Juzi yanga ija ndinali nditaichapa, koma dzuwa la nyengo imeneyi siliumitsa ubweya msanga, inali idakali yonyowa pachingwe. Nditatsegula chitseko mphepo inandibaya m'mafupa, ndipo ndinabwerera n'kutenga chimene chinali pafupi: chijasi cha abambo chimene chimapachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko. Chijasi chimenechi anachoka nacho kufamu. N'chong'ambika m'zigongono, mabatani ake ndi a mitundu yosiyanasiyana, ndipo saloleza kuti chichapidwe. Chimanunkha ng'ombe, mafuta okamira, utsi ndi thukuta la zaka. Ndakhala ndikulumbira kuti tsiku lina ndidzachitentha. M'mawa umenewo ndinachivala, manja ake ndinapinda katatu, ndinavalanso chipewa chawo cha ubweya mpaka m'makutu.

Nditalowa m'khola ng'ombe inatembenuka monga mwa masiku onse. Inatambasula khosi, inanunkhiza phewa langa, inanunkhizanso m'khwapa, mpweya wake wofunda ukundiomba kumaso. Kenako inaweramira gaga n'kuyamba kudya.

Ndinamanga chingwe pang'onopang'ono, ndinatsuka mawere, ndinatsamiritsa mutu pamimba pake monga anandiuzira. Nditafinya koyamba ndinamva bere likufewa m'dzanja, mkaka n'kulira pansi pa ndowa, mawu aja amene ndakhala ndikuwamvera pakhonde zaka zonsezi. Sindinayerekeze kutsokomola kapena kuyankhula, kuopa kuti mawu angandiulule. Ndinangokama, zala zikuwawa, thovu likukwera.

Pafupi nafe pali mapuloti atsopano a anthu ogwira ntchito ku Lusaka. Mayi wina wa kumeneko, wa mu ofesi, amabwera ndi botolo lake kudzagula mkaka asanakwere minibasi. Anafika ndili pakati pokama, n'kuona chijasi ndi chipewa chakumbuyo.

"Mwauka bwanji, ba Tata? Mwapolako?" anatero atagwada pang'ono mwaulemu.

Ndinatembenuza nkhope yokha, chala chili pamlomo. Mayiyo anatsegula pakamwa, anadzitseka ndi dzanja, n'kuthawira kuseri kwa khola kumene ndinkamumva akuseka mpaka kubanika. Ndinamuthirira mkaka wake nditamaliza, ndipo anapita akupukuta misozi.

Ndowa ndinalowa nayo kuchipinda komwe, ngakhale si malo ake. Ndinaiika pafupi ndi bedi n'kuima nditagwira m'chiuno, chijasi chikundifika m'mawondo. Abambo anadzuka n'kukhala. Anayang'ana mkaka, anayang'ana ine, anatunga thovu ndi chala n'kulawa.

"Yapereka yonse?"

"Yonse. Mainini wanu ni chipuba, akonda jekete, osati imwe."

Anaseka, ndipo m'maso mwawo ndinaona kuti anyadira. Koma kusekako kunazima pang'onopang'ono. Anakhala akuyang'ana ndowayo nthawi yaitali.

"Mwana osamuuza," anatero.

Apo m'pamene nanenso ndinazindikira chimene ndachita. Ndinaphunzira kukama kuti ndiwasunge pakhomo, koma pophunzirapo ndinawagwetsera pobisala pawo. Ngati ine ndikukama, palibenso chowaletsa kukwera galimoto.

"Siningamuuze," ndinawalonjeza. Tinagwirizana ngati akuba awiri.

Lachisanu linali tsiku labwino, ndipo ndimalikumbukira mwapadera. Ndinakama bwinobwino, abambo anagona mpaka dzuwa litalowa pazenera, anadya phala lonse n'kupempha lina. Tinayanika mabulangete, tinatong'ola chimanga chotsala. Iwo anakhala pansi kuluka chisa cha nkhuku yofungatira, akuimba chapansipansi. Anayamba kukumbutsa za chisanu chathu choyamba m'nyumba za antchito kufamu kuja, pamene tinali ndi bulangete limodzi lopyapyala, ndipo ankati ine ndinkalikoka lonse usiku. Ndinawauza kuti akunama, wokoka anali iwo, ndipo mpaka lero sanasiye. Tinatsutsana mpaka tiyi anazizira. Chifuwa chinabwera kangapo kokha. Ndinadziuza kuti ndapambana, ndipo ndinasankhiratu nkhuku yophera mwana.

Loweruka m'mawa mbatata yawo anangoiluma kamodzi n'kuisiya pambale. Anati si yokoma, pamene inali ya mumzere womwe uja. Pamphumi panali thukuta, kunja kukuzizira. Nditafuna kuwakhudza anabweza dzanja langa, akuti ndisawasandutse khanda.

Madzulo, nthawi yokama itakwana, ine ndinali m'dimba kuseri kwa mpanda wa udzu. Mpandawo uli ndi mipata, ndipo ndinawaona akutuluka ndi ndowa. Kuchokera pakhomo kufika kukhola ndi pafupi, mwana wongoyamba kuyenda amafikako osagwa. Iwo anafika pamtengo wa gwafa, pakati pa njira, n'kuima. Anaika ndowa pansi, anagwira nthambi, pakamwa pali pululu, mapewa akukwera ndi kutsika. Anatsokomola atadzitseka ndi chigongono kuti ndisamve, analavula, n'kufotsera ndi phazi. Kenako anayang'ana uku ndi uku kuona ngati ndawaona, anadziwongola, n'kupitiriza ulendo ngati munthu wamphamvu.

Atalowa m'khola ndinapita pagwafapo n'kufukula ndi kamtengo. Makhololowo sanali oyera. Anali a mtundu wa dzimbiri.

Ndinafotseranso. Ndinabwerera kukamaliza kuthirira repu. Pa chakudya chamadzulo abambo anali ndi mapulani awo okonzeka.

"Mawa nizavala suti ya kuchalichi. Mukamvera motoka, munipase tiyi yakupya maningi, chifuwa chizagona. Imwe muzakamba kuti napola. Akalimbikira, ine nizakamba za ng'ombe."

"Namvera," ndinatero.

"Mwakhala zii bwanji?"

"Nalema chabe."

Ndinali nditatopa ndithu, koma osati ndi ntchito. Mantha anga anali atagawanika pawiri. Ndinkaopabe galimoto ija yopita ku Lusaka. Koma tsopano ndinkaopanso kuti tsiku lina ndidzatuluka m'dimba n'kuwapeza pansi pa gwafa, ndowa ili pambali.

Lamulungu sitinapite kutchalitchi. Ndinakama m'mawa, ndinabisa chijasi pamsomali pake, ndinapha nkhuku. Mwana anafika dzuwa lili pamutu, atanyamula shuga, masokosi a ubweya ndi bulangete latsopano lolemera. Anapeza bambo ake atakhala pampando wa pakhonde, suti itavalidwa, nsapato zopolishidwa, kapu ya tiyi ikufuka m'manja. Anagwada kuwapatsa moni, ndipo iwo anayankha mwamphamvu, koma mawu afupiafupi, kuti mpweya uwakwanire. Chifuwa chikafuna kubwera ankachimeza ndi tiyi. Ndinkaona mitsempha ya m'khosi ikuumirira, maso akulengeza misozi.

Mwanayo ndinamubereka ine, si wopusa. Anadya nkhuku yake mwakachetechete, akuyang'ana mbale ya bambo ake imene sinkatha. Atasamba m'manja anakawagwira dzanja, kenako pamphumi.

"Ba Dadi, mwapya thupi. Tiyeni."

"Ni zuba. Napola ine, funsa amako."

"Tiyeni chabe bakakuoneni. Napapata," anachonderera mwanayo.

"Nanga ng'ombe azakama ndani?"

"Tizapeza munthu, nizamulipira ine."

"Munthu uti? Amalume ako anayenda bwanji pamene anayesa? Ufuna nikabwere nipeze ng'ombe yafa na mawere otupa?"

Mwanayo anayesa uku, anayesa uku, koma bambo wako sungamunyamule ngati thumba n'kumuponya m'galimoto. Ndinaona mapewa ake akugwa monga ankagwera zaka zonse akafika pamenepa. Anatembenukira kwa ine.

"Ba Mami, nikufunsani imwe. Zoona palibe wina angaikame?"

Abambo anandiyang'ana. Sanandiopseze ndi maso, ayi. Anandiyang'ana modalira, monga munthu amene akudziwa kuti mkazi wake sanamugwetsepo pamaso pa anthu. Ndipo n'zoona, ndinali ndisanawatsutsepo pamaso pa ana, ngakhale pamene ankalakwa poyera. Zathu timakambirana kuchipinda. Ndinayang'ana manja anga, zala zotupa ndi ntchito ya sabatayo. Bodza linali lokonzeka pakamwa, lalifupi, losavuta, ndipo likanandisiyira mwamuna pakhomo.

"Nikama ndine," ndinatero. "Kuyambira pa Chinayi. Ipereka mkaka wonse."

Chifuwa chimene anachimeza tsiku lonse chinapeza mpata, chinatuluka chonse, mpaka anapinda msana, mwana atawagwira. Chitaleka anapukuta pakamwa ndi mpango, osandiyang'ana.

"Mwanigulitsa, amai," anatero chapansipansi.

Ndinalowa m'nyumba n'kuwalongedzera chikwama: malaya ofunda, masokosi atsopano aja, magalasi, Baibulo lawo, ndi botolo la uchi. Abambo anayenda okha kupita kugalimoto, anakana kugwiridwa. Anakhala kutsogolo, maso ali kumsewu. Ndinaima pazenera lawo n'kunena kuti ayende bwino. Sanatembenuke. Galimoto inatuluka pachipata, fumbi linakwera, ndipo ndinaima pomwepo mpaka linatsika lonse.

Madzulo amenewo ndinakama koyamba mkaka wamadzulo, nkhope nditaibisa pamimba pa ng'ombe, misozi ikutsikira m'khosi. Ndinkadzifunsa ngati ndawapulumutsa kapena ndawaperekeza ulendo womwe uja wa amuna a anzanga, ndiponso ngati mawu awo omaliza kwa ine adzakhale amenewo. Ndinaphika chakudya cha anthu awiri mwachizolowezi, n'kuchiyang'ana chikuzizira.

Ndinene msanga kuti anabwerako. Anabwera mphepo itafewa, mitengo itayamba kuphuka, masaya atadzaza ndi zakudya za mwana, akudandaula kuti ku Lusaka kulibe mpweya. Ndimathokoza madokotala amene sindinawaone nkhope, ndimathokoza mwana wouma mutu ngati bambo ake. Koma pa zonsezo chimene ndimachisunga kwambiri mumtima ndi foni ya Lolemba masana, mawa lake iwo atapita.

Ndinali pabwalo kupeta gaga pamene inalira. Ndinaiyang'ana kaye, kuopa kuyankha. Anali mwana. Anati awagoneka, apeza chibayo, awaika mpweya wa m'mapaipi ndi mankhwala a m'mitsempha. Anati adokotala anapukusa mutu n'kufunsa chifukwa chimene anachedwera chonchi, ndipo anawauza kuti akanakhala kunyumba masiku ena ochepa, nkhani ikanakhala ina. Koma kutentha thupi kwayamba kutsika, ndipo amwako phala.

"Bali maso," anatero mwanayo. "Lekani nibaikile foni kukhutu."

Ndinamva phokoso la nsalu, kenako kupuma. Kunali kupuma kwapang'onopang'ono, kotopa, koma kofika pansi. Ndinakumvetsera ndithu.

"Amai," anatero.

"Abambo."

Anapumanso kawiri, kusonkhanitsa mphamvu.

"Nikali okwiya na imwe."

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo, lichero lili pambali, nkhuku zitayamba kale kujompha gaga.

"Kwiyani, abambo," ndinatero. "Kwiyani zaka zambiri."